Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Tiziwalo tiwiri ta pamwamba pa impso

Gawo lapitali ndinasiyira pomwe ndinamaliza mankhwala a chifuwa chachikulu, achipatala n'kundiuza kuti makhololo ayera. Kunyumba anapha nkhuku tsiku limenelo. Anzanga amene tinkakumana pamzere wa mankhwala anayamba kunenepa, koma ine mphamvu sizinabwerere.

Ndinkadzuka m'mawa nditatopa kale. Ndikaimirira pabolodi maso ankachita mdima, moti ana a Sitandade 5 anazolowera kuphunzitsidwa ndi munthu wokhala pampando. Masiketi onse anakula. Nanga mcherewo! Ndiwo zimene anzanga ankati zawawa mchere ine ndinkathiramo wina, ndipo m'chikwama ndinkasunga wokulunga pakapepala kuti ndizinyambita nthawi ya buleki. Khungu nalo linasintha. Ndine woderapo chibadwire, koma uku kunali kuda kwina: mizere ya m'manja inada bii, mfundo za zala, zigongono, ngakhale nkhama zinachita mawanga.

Anthu sasowa chonena. Ena ankanong'onezana kuti ndi matenda aja, chikhalirecho ndinali nditayezetsa ndipo ndinalibe. Apongozi anga anaitanira mwana wawo kuseri n'kumuuza kuti, "Izi si zakuchipatala ayi, pali munthu pamenepa."

Chimene chinandigwetsa ndi kutsegula m'mimba wamba, komwe ana anga anadwala n'kuchira. Ine ndinafika pachipatala cha boma nditanyamulidwa, BP ili pansi zedi. Atayeza magazi anapeza kuti mchere wa sodium watsika pomwe potassium wakwera. Dokotala wina wachinyamata anatembenuza dzanja langa, n'kuyang'ana mizere ija nthawi yaitali, kenako analemba kalata yonditumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko ananditenga magazi cha m'ma 8 koloko m'mawa, chifukwa akuti homoni (mankhwala amene thupi limadzipangira lokha n'kuwatumiza m'magazi) yomwe ankafuna imakhala yochuluka nthawi imeneyo. Mwa ine inali yongotsala pang'ono kusapezeka.

Dokotala wa kumeneko, mayi wachikulire wa magalasi, anatenga buku langa lakuchipatala n'kujambula impso ziwiri kuchikuto, iliyonse ili ndi kachipewa pamwamba.

"Aphunzitsi, tizipewa iti ndi ma adrenal. Kamodzi kamalemera magalamu 4 kapena 5 basi. Koma kalikonse ndi ziwalo ziwiri, china mkati china kunja."

Ndili phee kuyang'ana chithunzicho, anamenya tebulo ndi chikhatho, pha! Ndinadzidzimuka mpaka buku linagwa, mtima uli thi thi thi.

"Mwaona kufulumira kwake? Imeneyo ndi ntchito ya mitsempha ndi mbali yamkatiyi," anatero akuseka.

Zimene anafotokoza tsiku limenelo ndinadzaziwerenganso pambuyo pake, ndipo ndizinena mmene ndinazimvera. Mbali yamkati, medulla, imapangiratu homoni ya adrenaline n'kuisunga. M'selo iliyonse muli timatumba tosawerengeka todzaza kale, tongodikira. Mtsempha wochokera kumsana umafika mwachindunji pa maselo amenewa. Ubongo ukangoona njoka panjira, kapena minibasi ikubwera kumbali yako, mtsemphawo umatulutsa mankhwala onyamula uthenga otchedwa acetylcholine, kashiamu amalowa m'selo, timatumba tija timakanirira kukhoma la selo n'kukhuthulira zam'kati m'magazi. Zonsezi zimatha m'masekondi. Mtima umathamanga, njira za mpweya zimakula, chiwindi chimatulutsa shuga, magazi amachoka kumatumbo ndi kukhungu kupita kuminofu ya miyendo ndi manja. N'chifukwa chake munthu wodzidzimuka amauma kukamwa, ndipo amatha kudumpha ngalande imene tsiku lina sangaiyerekeze. Pa zotuluka m'timatumbato, pafupifupi 80 pa 100 ndi adrenaline, zotsalazo ndi mnzake noradrenaline. Pakangopita mphindi zochepa zimakhala zitatha m'magazi, umangotsala ndi kunjenjemera maondo.

Mbali yakunja, cortex, njira yake ndi ina. Homoni yake yaikulu, cortisol, ndi yamafuta, ndiye singatsekeredwe m'katumba, imangodutsa khoma n'kutuluka. Choncho cortex sisunga cortisol. Imasunga mafuta a cholesterol opangira basi. Mkati muja ndi nkhokwe yodzaza kale, pomwe kunjaku kuli ngati mayi amene ufa ali nawo koma nsima amaphika alendo atafika. Uthenga umayambira muubongo, pamalo otchedwa hypothalamus, kupita ku kachiwalo ka pituitary, komwe kamatumiza homoni ya ACTH kudzera m'magazi. ACTH ikafika m'pamene cortisol amayamba kupangidwa, ndipo zimatenga mphindi zingapo. Amachedwa, koma ndi iye amene amagwira thupi nthawi yaitali: amasunga shuga m'magazi usanadye, amathandiza kuti BP isagwe, ndipo ukadwala malungo kapena kuvulala thupi limamupanga wochuluka kuposa masiku onse. Amakwera m'bandakucha kuti udzuke ndi mphamvu, pakati pa usiku n'kutsika. Cortex yomweyo imapanganso aldosterone, homoni youza impso kuti zisataye mchere. Ine mchere unkangopita ndi mkodzo, thupi n'kumaupempha pakamwa.

Chimene chinandisangalatsa monga mphunzitsi n'chakuti mbali ziwirizi zimadalirana. Magazi ochokera kunja amadutsa mkati atanyamula cortisol wambiri, ndipo cortisol ameneyu ndiye amathandiza maselo a medulla kusandutsa noradrenaline kukhala adrenaline. Komabe adokotala anati za mkatizo ndisade nazo nkhawa, poti mitsempha ya m'thupi monse imatulutsa noradrenaline payokha. Chopha munthu ndi kusowa kwa cortisol ndi aldosterone.

Chithunzi cha sikani chinaonetsa kuti TB ija sinathere m'mapapo mokha, inadya tiziwalo tonse tiwiri. Matendawa amatchedwa Addison, potengera dokotala Thomas Addison wa pa Guy's Hospital ku London, yemwe anawafotokoza mu 1855, ndipo ambiri mwa odwala ake chinawawononga ndi TB yomweyi. Ku Ulaya masiku ano choyambitsa chachikulu ndi chitetezo cha m'thupi kuukira tiziwaloti, koma kumaiko kumene TB ikadali yofala monga kuno kwathu, iyo ikadali patsogolo. Zizindikiro zimaonekera bwino pafupifupi 90 pa 100 ya cortex itatha kale. Nkhani ya khungu inamvekanso: pituitary ikaona kuti cortisol sakubwera imangotumizabe ACTH wochuluka, ndipo ACTH akachuluka amadzutsa maselo opereka mtundu pakhungu. Ndinamvetsanso chifukwa chimene ndinkafookera kwambiri ndili pamankhwala a TB. Rifampicin, uja amafiiritsa mkodzo, amachititsa chiwindi kuphwanya cortisol mofulumira, ndiye wochepa amene ndinali nayeyo sankachedwa kutha.

Bambo a kunyumba, omwe anangokhala chete nthawi yonseyi, anafunsa funso limodzi: "Adokotala, ndiye mankhwalawa amwa mpaka liti?"

"Moyo wawo wonse, bambo. Osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi."

Anandipatsa mapiritsi a hydrocortisone, amene ndi cortisol yemweyo. Akuluakulu ambiri amamwa pakati pa mamiligalamu 15 ndi 25 patsiku, mogawa potsanzira thupi: ochuluka ukangodzuka, ochepa masana, ochepetsetsa chakumadzulo. Panalinso fludrocortisone wolowa m'malo mwa aldosterone, yemwe kumupeza kwake ndi nkhani ina. Pasanapite nthawi ndinayamba kudya, chizungulire chinatha, ndinabwerera pabolodi. Apongozi atandiona ndikusenza ndowa anangoti, "Mulungu ndi wamkulu," za munthu uja sanazitchulenso.

Chovuta chake ndi ichi: piritsi silidziwa kuti wadwala. Thupi la mnzanga likagwidwa malungo limawonjezera lokha cortisol iye ali mtulo. Ine ndiyenera kuganiza m'malo mwa tiziwaloto. Thupi likatentha ndimamwa mlingo kawiri monga anandilangizira. Ndikamasanza moti piritsi silikhala m'mimba, pafunika jakisoni wa mamiligalamu 100 ndi diripi mwamsanga, osati kudikira kuche. Ndimayenda ndi kakhadi kolemba matenda anga, ndipo mwana wanga woyamba anaphunzira kuwerenga zimene zili pamenepo asanadziwe kuphika nsima.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona atsikana akugula dexamethasone kapena prednisolone, mankhwala ogwira ntchito ngati cortisol otchedwa ma steroid, pamsika kuti anenepe, ena kudzola mafuta oyeretsa khungu okhala ndi ma steroid miyezi ndi miyezi. Ubongo ukaona kuti mankhwala otere achuluka m'magazi umaleka kutumiza ACTH, tiziwalo tija n'kufota. Tsiku losiya mwadzidzidzi munthu atha kugwa monga ndinagwera ine, chikhalirecho impso ndi ma adrenal ake anabadwa nazo zabwinobwino.

Jakisoni uja sindinachedwe kumufuna. Kunagwa maliro a amalume kumudzi ku Ntcheu, nyengo yamvula, mlatho wapakati utakokoloka, ndipo usiku wa pasiwa ndinayamba kusanza. Zimenezo ndidzafotokoza m'gawo 8.