Mmene tinamangira chiliza cha agogo ku Muona

Agogo anga, mayi wawo wa amayi, anatisiya mu Julayi 2023, patangotha miyezi inayi chidutsireni namondwe wa Freddy. Pa maliro, amene anawerenga mbiri ya malemu anati agogo apita ali ndi zaka 104. Anthu anang'ung'udza mogoma. Ine ndinangozolika, chifukwa chitupa chawo cha unzika chinali m'chikwama changa, ndipo chinkati anabadwa pa 1 Januwale 1945. Zonse ziwiri ndinkazikayikira, koma pa siwa sakonzerapo masamu. Nkhaniyi inadzatipeza patatha chaka, titafuna kumanga chiliza, poti zolemba pa mwala sizifufutika ngati choko.

Kwathu ndi kutsidya la kum'mawa kwa Shire, m'dera la Mfumu Yaikulu Mlolo ku Nsanje. Ine ndimakhala ku Nchalo, ndipo poti ndine mphunzitsi, abale anangoti zolembalemba zonse ndi zanga.

Choyamba chinali kukhala pansi ngati banja. Amalume, eni mbumba, ndiwo anaitanitsa msonkhano, ndipo ndiwonso anapita kwa anyakwawa ndi kangachepe m'manja kukanena kuti tikufuna kulowa kumanda. Apa musalumphepo. Ngakhale wagona kumeneko ndi mayi wako, sungangonyamula fosholo n'kulowa. Anyakwawa ndiwo amauza adzukulu, adzukuluwo n'kukulozerani mtumbira ndi malire ake. Ndinaseka ndekha kuti ine mdzukulu weniweni wa kumtundu ndilibe mawu kumeneko, mawu ali ndi adzukulu a makasu. Iwowo ndi amene anatilangiza kuti tidikire dzinja limodzi lidutse kuti dothi likhazikike, apo ayi chiliza chimapendekeka.

Tinasankha Seputembala 2024. Okutobala kuno dzuwa limaotcha moti nkhalamba sizingaime kumanda ola lathunthu, ndipo mvula ikayamba, mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo imadula msewu wochokera pa Thabwa kupita ku Fatima, alendo n'kukagona panjira.

Za ndalama ndingonena mwachidule. Tinatsegula gulu pa WhatsApp, msungichuma anali amayi aang'ono, ndipo aliyense akatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ankaponya uthenga wake pagulu kuti onse aone. Zimenezi zinatipulumutsa ku manong'onong'o. Koma bajeti yoyamba inafera m'mazira: mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya simenti ndi zitsulo n'kukwera, kenako chilala cha 2024 chinakweza chimanga chodyetsera alendo. Poopa kuti mitengo ikweranso, tinathamangira kugula simenti miyezi isanu ntchito isanayambe. Tinaisanja pansi popanda matabwa, ndipo matumba awiri anauma gwa. Kulakwa kunali kwathu. Gulani zitsulo msanga ngati mukufuna, koma simenti idikire mmisiri.

Tsopano chaka chobadwa. Ndinayamba ndi kope ndi cholembera, n'kulemba ana onse a agogo motsatana. Achisamba, amalume aja, anabadwa mu 1956, ndipo izi n'zotsimikizika chifukwa mapepala awo a sukulu alipo. Chitupa cha unzika chikanakhala choona, ndiye kuti agogo anabereka ali ndi zaka 11. Chitsirizira, amayi aang'ono, ndi a 1978. Zaka 104 zija zikanakhala zoona, agogo akanakhala a 1919, n'kubereka mwana womaliza ali ndi zaka 59. Nditawerenga izi pagulu, msuweni wanga wa ku Johannesburg analemba kuti, “Nanga Sara wa m'Baibulo?” Tinaseka, koma amalume sanaseke. Kwa iwo, kuchotsera mayi wawo zaka kunali ngati kuwalanda ulemu.

Chaka cha pa chitupa sindidabwa nacho. Pa kalembera wa 2017, agogo atafunsidwa kuti anabadwa liti anayankha kuti, “Mulungu ndiye akudziwa,” ndipo mdzukulu amene anawaperekeza anangotchula chaka chimene chinamubwerera m'mutu. Kalata yawo ya ubatizo, imene ankaisunga m'chitini pamodzi ndi kolona yakale ndi chithunzi cha ukwati, inapita ndi madzi mu Januwale 2015, usiku umene Ruo anasefukira n'kumiza midzi ya ku Makhanga. Anapulumuka ndi nsalu imene anavala ndi kolona ya m'khosi basi.

Amene anandipatsa nzeru ndi akatekisiti athu. Anati kalata imatayika koma buku la ku parishi limakhala. Anandiuza kuti nditenge kalata kwa wapampando wa mphakati yosonyeza kuti ndine wa banjalo, ndipo ndipite ndi zinthu zinayi: dzina la ubatizo la agogo, dzina la bambo wawo, dzina la mwamuna wawo, ndi mudzi umene ankakhala pa nthawiyo, osati wa lero. Ulendo woyamba ndinabwerera pakhomo chifukwa ndinapita Lolemba, tsiku limene ansembe amapuma. Ulendo wachiwiri ndinakhala mu ofesi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Mabuku akalewo ndi aakulu, masamba ake achikasu, ena odyedwa ndi chiswe m'mbali, ndipo analembedwa m'Chilatini ndi ansembe a chipani cha Montfort. Dayosizi ya Chikwawa inakhazikitsidwa mu 1965, choncho zonse za agogo zinalembedwa dayosiziyo isanabadwe. M'buku la ubatizo tinafufuza osawapeza, chifukwa akazi a dzina ngati lawo analipo ambirimbiri, ndipo mzungu wolembayo ankalemba mayina a makolo mmene khutu lake lamvera. Bambo mfumu ndiwo anati tisiye bukulo, titsegule la maukwati. Dzina la agogo aamuna linali losowa, la Chisena cha ku Mozambique, ndipo silinativute. Pambali pake panali dzina la agogo, ndi nambala yotilozera ku buku la ubatizo. Tinabwerera kumeneko n'kuwapeza: anabatizidwa mu Ogasiti 1954, kutatsala masiku ochepa kuti amange ukwati woyera, ndipo pa zaka wansembe analemba kuti pafupifupi 18. Ndiye kuti cha m'ma 1936.

Ndinapempha kujambula tsambalo pa foni, anandilola mzere wa agogo wokha, poti mizere inayo ndi ya eni ake. Ndinasiya kangachepe ka ofesi.

“Pafupifupi” wa mzungu sindinamukhulupirire yekha. Ndinapita kwa mnzawo wa agogo wa mu Legio ya Maria, mayi amene tsopano saona, koma mutu uli bwinobwino. Ndinapita ndi shuga ndi sopo, ndinakhala pamphasa, ndipo ndinaphunzira kuti nkhalamba suifunsa chaka, umaifunsa chochitika. Nditati, “Agogo, pa njala ya 49 anzanu aja anali msinkhu wanji?” anayankha osaganiza n'komwe: “Tinali tisanavinidwe tonse awiri, koma mabere anali atayamba. Tinkapita limodzi kudambo kukazula nyika, madzi m'chifuwa, wina akuzula wina akuyang'ana ng'ona.” Mtsikana wotero ndi wa zaka 12 kapena 13. Buku ndi nkhalamba zinagwirizana.

Ndinapita kukafuna chaka chimodzi, koma ndinabwerako ndi masamba asanu ndi awiri. Zina ndinkazidziwa: kuti agogo ankayenda wapansi kupita ku Misa ya m'mawa mpaka mawondo atakana, kuti ankalima thonje n'kukagulitsa ku ADMARC kuti ana aphunzire, kuti usiku sungagone m'nyumba mwawo kolona isanathe, ndipo ukasinza ankakutsina khutu osasiya pemphero. Koma sindinkadziwa kuti agogo aamuna atamwalira mu 1983, abale a kuchimuna anabwera ndi munthu woti achite mwambo wa kulowa kufa, ndipo agogo anakhala pakhomo ndi kolona m'manja n'kukana. Anauzidwa kuti imfa idzatha mudzi chifukwa cha iwo. Patapita miyezi mwana wina wa m'banjamo anadwala, zala zonse zinaloza iwo, ndipo kwa nthawi yaitali akazi anzawo sankawabwereka ngakhale mchere. Sanasinthe. Amayi anga anali wamkulu kale nthawi imeneyo, koma nkhaniyi sanandiuzepo. Nditawafunsa anangoti, “Zinali zowawa, mwanawe.”

Sindinkadziwanso bwino za othawa nkhondo. Cha m'ma 1986, anthu atayamba kuwoloka mwaunyinji kuchokera ku Mozambique, mayi wina ndi ana ake anayi anafika pakhomo pa agogo usiku, osadziwana nawo. Anagona m'khitchini, n'kukhala pamenepo mpaka nkhondo itatha mu 1992, ndipo anabwerera kwawo chaka chotsatira. Agogo anawadulira ndime kudimba. Anawo anakula akuitana agogo kuti ayavu, ngati ife tomwe.

Polemba mbiri yoti iwerengedwe pa tsikulo tinakangananso. Agogo sanali munthu wofewa. Mwana wawo wina atakwatiwa ku mpingo wina, anatha zaka ziwiri osaponda pakhomo pake. Ena anati zimenezo zisalowe. Ine ndinaona kuti mbiri yongoti “anali wokonda anthu, wokonda kupemphera” ingathe kuwerengedwa pa manda a wina aliyense, ndipo anthu a m'mudzi amene ankawadziwa angamve kuti tikunena za munthu wina. Mwini nkhaniyo, amayi aakulu, ndiwo anagamula. Anati, “Lemba, koma ulembenso kuti tsiku limene ndinachira mwana woyamba anabwera ndi nkhuku, osanena kanthu za kale.” Ndinalemba momwemo.

Amalume anagonja pa zaka titabwerera nawo kwa bambo mfumu kukapereka Misa. Ansembewo anawakumbutsa Salmo 90 ndime 10, pamene zaka za munthu zawerengedwa kuti ndi makumi asanu ndi awiri, kapena makumi asanu ndi atatu akakhala wamphamvu. Anati, “Mayi anu analandira 87. Mulungu anawaonjezera kale, inu musaonjezerenso.”

Mwala tinakalembetsa ku Blantyre. Olemba miyala amawerengera zilembo, ndiye mawu ambiri ndi ndalama zambiri. Tinaika dzina, kenako mizere itatu: anabadwa cha m'ma 1936, anabatizidwa 1954, anagona 2023. Chaka cha ubatizo ndinachiumirira ine, chifukwa ndi chokhacho chimene tinachiona cholembedwa, komanso agogo ankakonda kunena kuti moyo wawo unayambira pamenepo. Musalole kuti ayambe kugoba musanaone. Ine ndinapempha chithunzi cha mawuwo ali pa pepala, ndipo ndinapeza kuti dzina la mfunda alilemba ngati la ku Ntcheu, chilembo chimodzi chitasowa. Mwalawo tinautsitsa m'phiri la Chikwawa utakulungidwa m'mabulangete awiri, utagona pa matiresi, msuweni wanga ataukumbatira kumbuyo kwa galimoto kuyambira pa Thabwa mpaka kufika.

Mmisiri anagwira masiku anayi, adzukulu ali pomwepo. Agogo anaikidwa kumtunda kumene anasamukira madzi atawathamangitsa, koma ngakhale kumeneko tinamuuza kuti maziko akumbe mozama ndipo aikemo zitsulo, poti taona ziliza zambiri zitang'ambika dothi likauma n'kuchita ming'alu. Chimene anthu amaiwala ndi kuthirira. Kutentha kwa kuno simenti imauma isanagwire, choncho anyamata awiri ankapita ndi zigubu m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, ndipo tinkafunditsa chilizacho ndi masaka onyowa. Chakudya cha mmisiri ndi adzukulu pa masiku onsewa chiikeni mu bajeti, ife tinachiiwala.

Panatsala nkhani ya mowa. Akuluakulu ena anati chiliza sichitsegulidwa pouma. Koma agogo sanafululepo mowa moyo wawo wonse, ndipo amayi a mu Legio ananeneratu kuti akaona mbiya ya mowa abwerera panjira. Tinaphika thobwa la mapira migolo iwiri. Amene ankafuna zowawa anakazipeza okha madzulo, kutali ndi pakhomo, ndipo ife sitinafunse.

Tsikulo linali Loweruka. Misa inachitikira pansi pa mtengo pakhomo, kenako tinandandalika kupita kumanda, anyakwawa ndi adzukulu patsogolo, amayi a Chikatolika akuimba. Ansembe anawaza madzi odalitsa, amalume anavundukula nsalu, ine n'kuwerenga mbiri: ana 9, amoyo 4, zidzukulu 31, zidzukulutudzi 22. Chiwerengero chimenechi ndinachitsimikiza nyumba ndi nyumba, chifukwa ukaiwala mwana wa wina pamenepa mlandu wake sutha. Nditafika pa othawa nkhondo aja, bambo wina wa imvi amene anabwera pa njinga kuchokera kutsidya kwa Ruo anaimirira, n'kugwada pafupi ndi mwala, n'kunena kuti, “Takhuta, ayavu.” M'Chisena ndiko kuti zikomo, agogo. Anali mmodzi wa ana anayi aja. Uthenga unamupeza kudzera kwa ogulitsa nsomba.

Anthu akubalalika, mnzawo wa agogo uja anapempha kuti amufikitse pa chiliza. Anapapasa zilembo ndi zala, n'kundiuza kuti ndimuwerengere manambala. Nditatchula 1936 anati, “Ndiye kuti ine ndine wa 35, poti ndinkamuposa pang'ono. Iwe, ubwere ndi kope lako lija Loweruka, ulembe zanga. Ana angawa adzanena kuti ndinali ndi zaka 120.”