Selotepi wa magetsi pamkono

Kachipangizo koyeza shuga kamene amamata kuseri kwa mkono kamagwira ntchito masiku 14, kenako kamazima kokha. Ine amanditumizira ndi mlongo wanga wa ku Johannesburg, ndipo akamatchula mtengo wake pa WhatsApp amayamba wapumira kaye m'mwamba. Kakangomatuka nthawi isanakwane ndiye kuti ndalama yalowa m'madzi, chifukwa kaulusi kamene kamalowa pansi pa khungu kakatuluka sikabwereranso.

Tsono mu Okutobala kuno ku Chikwawa munthu umatuluka thukuta ngakhale uli m'bafa. Zimene anandilangiza anamwino ndinachita zonse: kumeta cheya, kupukuta ndi spiriti, kudikira kuti paume, osadzolapo mafuta. Koma pasanathe nthawi m'mbali munayamba kutukuka. Pulasitala wake wapadera kuno simungamupeze pagolosale. Chimene chinalipo m'nyumba ndi selotepi wakuda wa magetsi, ndiye ndinakulunga mkono wonse mothinitsa ngati mpaipi wothonya. Ndinagona mtima uli m'malo, nditatsamira mkono womwewo.

Pakati pa usiku foni, imene imalandira manambala a shuga kuchokera ku kachipangizoka, inayamba kukuwa. Mayi a kunyumba kuyang'ana, shuga ali pa 3.2, muvi utaloza pansi. Iwo amadziwa kuti kutsika kupitirira 3.9 ndi nkhani ina.

"Bambo a mwana, dzukani! Mukufuna mundisiyire ndani anawa?"

Ndisanatsegule maso bwinobwino, kapu ya Sobo wosasungunula inali pakamwa. Kenako supuni ya shuga. Kenako nthochi. Phokosolo linadzutsa apongozi anga amene anabwera kudzacheza sabata imeneyo, mayi amene chikwatirire sindinadyepo pamaso pawo. Analowa kuchipinda ndi botolo la uchi, nkundipeza ndili ndi kabudula wamkati yekha, masaya ali tutumu ndi nthochi. Anayamba pemphero, koma tochi itaunika pamkono pempherolo linadukira pakati.

"Kodi apongozi, chakudachi n'chiyani? Mwayamba kumanga zithumwa?"

Pakamwa podzadza sindikanayankha. Ndinangoloza kabati momwe muli kamakina kobaya chala. Titayeza magazi enieni, shuga anali atakwera kale kudutsa 11, nthochi yachiwiri ili m'manja. Kachipangizo aka sikayeza magazi, kamayeza timadzi ta pansi pa khungu, ndipo mukakapanikiza timadzito timathawa, iko n'kumanena kuti shuga watsika. Selotepi anafinya mbali yake, thupi langa la makilogalamu ochulukirapoli linamalizitsa.

Kutacha ndinati ndimasule pang'ono kuti mkono upume. Selotepi wa magetsi akakumana ndi kutentha amasanduka ulimbo. Ndinakoka pang'onopang'ono, cheya chikuzuka, misozi ikulengeza, mpaka ndinamva kuti thoo! Kachipangizo kanatsatira selotepi, kaulusi kake kali pamtunda, n'kugwera pakhonde pafupi ndi mapazi a apongozi.

Sanakagwire ndi manja. Anakatola ndi timitengo tiwiri, n'kulunjika nako kuchimbudzi chokumba akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Pobwera anandiuza mwaulemu wonse kuti abusa afika madzulo.

Mlongo wanga ndinamulembera kuti katunduyo wagwa mwangozi. Uthengawo anauwerenga nthawi yomweyo, timizere tiwiri tabuluu tinaoneka. Anayankha Lamlungu, pofunsa ngati zala zanga zikadali khumi.