Zikomo nonse, aphunzitsi a ana athu aja apezeka

Makolo, mafumu, abale ndi alongo, ndi inu nonse amene mwakhala mukundiimitsa pamsika ndi pachigayo kundifunsa kuti "nanga nkhani ya aphunzitsi ija ili pati?", lero ndabwera ndi yankho. Aphunzitsi a ana aulumali apezeka. Atha teremu yathunthu ali nafe pasukulu yathu ya mmera mpoyamba kuno ku Chiradzulu, ndipo dzulo komiti yagwirizana nawo kuti apitirize chaka chonse. Ndachedwa kulemba mwadala. Ulendo woyamba uja ndinathamangira kulengeza, zinthu n'kusokonekera, ine n'kumayenda chozolika m'mudzi muno.

Ndisanathokoze aliyense, ndiyambe ndaulula mlandu wanga.

M'chaka cha 2022, m'mawa wina phala lili pamoto, kunabwera mayi atabereka mwana wa zaka zitatu. Khosi la mwanayo silinkalimba, miyendo inali youma gwa, dovu likuchucha paphewa pa mayi ake. Mayiwo sanapemphe zambiri. Anangoti akufuna mwana wawo azikhala pamene pali anzake, azimva nyimbo, azimwa nawo phala. Ine monga wapampando ndinayang'ana alezi athu awiri, ndinayang'ana ana oposa 60 ali piringupiringu m'chipinda chimodzi, ndipo ndinati, "Mayi, bwererani naye kaye, tikuuzani." Iwo anangoti zikomo, n'kumangitsa nsalu, ulendo. "Tikuuzani" ameneyo anatenga zaka pafupifupi zitatu.

Sindikudziikira kumbuyo, koma chimene chinatigwira tsiku limenelo chinali mantha. Alezi a m'sukulu ngati yathuyi ndi anthu ongodzipereka. Maphunziro amene ambiri amalandira ndi a masabata awiri: nyimbo, masewera, ukhondo, kakonzedwe ka phala, kupanga zidole ndi zinthu za m'mudzi. Ndi maphunziro abwino, koma pa masabata awiri simungaphunzire kudyetsa mwana amene amatsamwa ndi sipuni iliyonse. Tinkaopa kuti atatsamwira m'manja mwathu tidzanena chiyani kwa makolo ake.

Amene anatitsegula maso ndi a zaumoyo a m'dera lathu. Kusikelo amawaona ana onse, ngakhale amene sitiwaona panjira. Tinayenda nawo khomo ndi khomo, ndipo tinapeza ana asanu ndi awiri a msinkhu wobwera kwa ife amene ankangokhala pakhomo. Wina anasiya kumva atadwala malungo aakulu. Awiri ali ndi khunyu, ndipo makolo ankawasunga chifukwa anansi ankati dovu lawo limapatsira. Kamtsikana kena kachialubino kankaopedwa dzuwa ndi anthu omwe. Kamnyamata kena sikalankhula, sikayang'ana munthu m'maso, ndipo kwawo kanali katatchedwa kale kamwano. A zaumoyowo anatifotokozera modekha kuti ulumali wambiri wa ana umachokera ku zinthu zodziwika: mayi kuvutika nthawi yaitali pobereka mwana n'kusowa mpweya, chikasu cha khanda chosathandizidwa msanga, malungo ofika ku ubongo, mafinya a m'khutu ongosiyidwa. Agogo ena amene anali pamenepo anapukusa mutu n'kuti, "Lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza." Palibe anawonjezera mawu.

Ndiye tinati tipeze mphunzitsi wodziwa ntchitoyi. Tinkaganiza kuti n'zapafupi, poti koleji ya Montfort ili ku Nguludi konkuno m'boma lathu, ndipo ndi kumene aphunzitsi amaphunzira kuthandiza ana osamva, ana osaona ndi ana ovutika kuphunzira. Tinali tisanadziwe kuti ambiri opita kumeneko ndi aphunzitsi a pulayimale amene ali kale pantchito ya boma. Akamaliza amabwerera ku mapulayimale kumene kuli resource centre (chipinda chapadera chothandizira ana aulumali), kapena ku sukulu zapadera ngati Maryview ku Nguludi komweko, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza ndi Chilanga ku Kasungu. Sukulu za mmera mpoyamba zakhala zili pansi pa unduna wina, woona za jenda ndi ana, osati wa maphunziro. Choncho mwana wa zaka zitatu amene samva amadikira mpaka akwane zaka zisanu ndi chimodzi, alowe Sitandade 1, kuti mwina akumane ndi katswiri. Chonsecho zaka zodikirazo ndi zomwe chilankhulo chimamera mwa mwana.

Zinatsala kwa ife eni ake: kusonkha ndalama, kupeza munthu, kumulipira tokha.

Tinayamba bwino. Kenako mu March 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Za Freddy sindinena zambiri, chifukwa ena mwa inu munaika maliro ndipo zathu zinali zazing'ono. Khoma la kum'mawa linagwa, chimbudzi chinatitimira, ndipo ndalama ya aphunzitsi inapita ku njerwa ndi simenti. Titayambiranso, mu November chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndalama imene tinkaiyesa ya miyezi isanu ndi umodzi n'kusanduka ya miyezi itatu. Mu 2024 tinapeza mtsikana wanzeru kwambiri, uja ndinalengeza ndi chimwemwe. Anakhala masabata asanu ndi limodzi, kenako anapeza ntchito ya malipiro enieni ku Blantyre. Ena munakwiya naye. Ine sindinakwiye. Ali ndi azing'ono ake ofuna fizi, ndipo zomwe tinkamupatsa zinali za sopo chabe. Nayenso ndikumuthokoza, chifukwa kope limene analembamo za mwana aliyense ndi lomwe tinayambira ulendo uno.

Amene tili nawo tsopano tinawapeza kudzera mwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a zoni yathu, ndipo nkhaniyo inayambira pamaliro, monga zimakhalira nkhani zambiri kwathu kuno. Anati pali mayi ena opuma pantchito, ophunzira ku Montfort, amene anaphunzitsa ana aulumali zaka zambiri, ndipo akungolima kwawo. Tinatuma uthenga. Anabwera pa kabaza, anakana mpando, anakhala pamkeka pakati pa ana m'mawa wonse osanena kanthu. Ine mtima uli phaphapha, ndimvekere basi atikana.

Ana ataweruka anatiitana. Za ndalama sanachedwepo. Chimene anakana kwamtuwagalu ndi kachipinda kamene tinawakonzera kuseri, komwe tinati azikhalako ndi ana awo asanu ndi awiri. Anati, "Amayi, mukandiika kuseriko ndi ana amenewa, mwangosamutsa khonde la kwawo n'kulibweretsa pasukulu. Ndipo ine ndine wachikulire, tsiku lina sindidzabwera. Ndikufuna alezi akhale pambali panga, aone manja anga." Anapempha masiku atatu pa sabata, ndi kuti makolo a anawo azibwera kamodzi pamwezi. Kachipinda kaja tsopano timasungiramo nkhuni ndi ufa.

Zomwe ndaona teremu imeneyi sindingazimalize, koma zina ndinene kuti mudziwe kumene kwapita ndalama zanu.

Mwana uja ndinamubweza ali ndi mpando wake. Si wogula. Aphunzitsi anatiuza tisonkhe makatoni a m'magolosale, tinawamata m'magulumagulu ndi phala la ufa wa chinangwa, tinawayanika, ndipo panatuluka mpando wolimba womugwira m'chiuno ndi kumsana. Amamwa phala atakhala tsonga, mutu utaweramira pang'ono kutsogolo, phala lolimbirako, kasipuni kakang'ono, mosathamanga. Kale mayi ake ankamudyetsa atamugoneka chagada pamiyendo, phala lamadzimadzi, poganiza kuti akumuchepetsera ntchito, osadziwa kuti n'zimene zinkamutsamwitsa. Atauzidwa analira. Aphunzitsi anawagwira dzanja n'kuwauza kuti palibe mayi amabadwa akudziwa zimenezi.

Wosamva uja anapita naye ku Queens, chipatala chachikulu cha ku Blantyre, ku kiliniki yoyeza makutu. Koma chimene chandisangalatsa ine ndi chakuti kalasi yonse ikuphunzira chinenero cha manja. Phala, madzi, chimbudzi, bwera, zikomo. Ana sachita manyazi ngati ife akuluakulu. Mdzukulu wanga amene amamva bwinobwino akumandipempha madzi ndi manja kunyumba, ndipo ndikalakwitsa amandiseka.

Za khunyu anaitanitsa msonkhano wa makolo onse. Anagona okha pamkeka, mayi wamkulu ngati amene uja, kuonetsa mmene timamugonekera mwana cham'mbali akagwa. Osamuika sipuni kapena chala m'kamwa, osamupanikiza, osamuthira madzi, kungochotsa moto ndi zinthu zomupweteka, kuika nsalu kumutu, n'kudikira. Kukomoka kukapitirira mphindi zisanu, kuchipatala msanga. Anabwereza katatu kuti khunyu sapatsirana, ndi kuti mankhwala ake ndi a tsiku ndi tsiku, osasiya chifukwa mwana waoneka bwino. Bambo ena amene analumbira kuti achotsa ana awo akadzabwera "akugwa aja", ana awo adakali nafe.

Kachialubino kaja kamakhala kutsogolo, kufulatira zenera, ndi chipewa chake cha khonde ndi malaya a manja aatali, ndipo zithunzi zake amazijambula zikuluzikulu ndi makala. Masewera a panja tinawasamutsira pansi pa mtengo wa mango. Kamnyamata kosalankhula kaja ndiye katiphunzitsa kuleza mtima. Mwezi woyamba kankangoima pakhomo katatseka makutu ana akamaimba. Aphunzitsi anati tisakakoke. Anakajambulira zithunzi zinayi pakatoni, kusamba m'manja, phala, kusewera, kupita kwawo, kuti kazidziwa chotsatira. Pano kamalowa kokha, kamakhala pakona pake n'kumandandalika zitsekerero za mabotolo. Sikanayambe kulankhula, ndipo aphunzitsi sanatilonjeze kuti kadzalankhula. Chimenechi ndimawalemekeza nacho, salonjeza zimene sangathe.

Tsono zikomo.

A Gulupu ndi a nyakwawa onse, zikomo chifukwa cha munda umene munapereka. Soya ndi chimanga cha m'munda umenewo ndi zimene zikudyetsa ana, ndipo zotsala tikagulitsa zikuthandiza malipiro. Zikomonso a Gulupu chifukwa chonena poyera pabwalo kuti kubisa mwana m'nyumba m'dera lanu kwatha. Mawu amenewo akanachokera kwa ine sakanamveka.

Amayi a banki m'khonde, inu ndiye nsanamira. Munagwirizana kuti pa tsiku logawana aliyense azisiya kenakake m'mbale ya sukulu, ndipo simunaphonye ngakhale chaka chimene chimanga chinapsa ndi dzuwa. Achimwene athu a ku Joni, ndikudziwa kuti ndalama imene mumatumiza ndi ya thukuta, ena mukugona anayi m'chipinda chimodzi, koma gulu lanu la pa WhatsApp ndi limene linatseka dzenje la miyezi itatu. Akumpingo ndi akumzikiti, munasonkha Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu osafunsa kuti anawo ndi a chipembedzo chiti. Anyamata a kabaza a pasiteji, mumasinthana kukatenga aphunzitsi pa mtengo wotsika, ndipo tsiku la mvula lija wina wa inu anakankha njinga m'matope kuchokera kumlatho. Ndinaona.

Ndithokozenso achimwene aja amene anaimirira pamsonkhano n'kufunsa kuti, "Ndalama zonsezi chifukwa cha ana asanu ndi awiri, pamene 60 enawa alibe ngakhale mabuku?" Anthu anang'ung'udza, koma funso lanu linali loona, ndipo linatikakamiza kulemba ndalama iliyonse m'buku. Yankho langa lero ndi ili: bwerani Lachitatu mudzakhale kumbuyo. Alezi athu asiya kukuwa. Aphunzira kugawa ana m'timagulu, kugwada polankhula ndi mwana, kuzindikira amene akutsalira. Aphunzitsi atulukiranso ana ena awiri mwa 60 omwewo amene samva bwino khutu limodzi, ife tinkangoti ndi osamvera.

Alezi athu awiri, ndi wachitatu amene wangoyamba, ndilibe mawu okwanira. Mumabwera m'mamawa kusiya minda yanu. Mwavomera kukonzedwa pamaso pa ana ndi munthu wobwera, zimene akuluakulu ambiri sitingapirire.

Aphunzitsi, amayi athu, mwina simuona uthengawu poti foni yanu ndi ya mabatani, koma ndidzakuwerengerani Lolemba. Munali ndi ufulu wonse wopuma. Zikomo.

Ndipo inu mayi amene ndinakubwezani. Tsiku limene tinabwera kudzakuuzani kuti tsopano mubwere naye, ndinali nditakonzeka kunyozedwa, ndipo mukanalakwa chiyani? Inu munatiyalira mkeka, n'kufunsa kuti abwere nthawi yanji. Ndinakupepesani kunyumba kwanu, koma poti ndinakubwezani pagulu, ndikupepesanso pagulu. Pepani. Chaka cha mawa mwana wanu akuyenera kuyamba Sitandade 1, ndipo aphunzitsi ayamba kale kukambirana ndi a hedi a kupulayimale za mmene adzamulandirire. Mpando wake adzapita nawo, tidzamatanso wina wokulirapo.

Ntchito ikadalipo. Chimbudzi chatsopano chili ndi masitepe awiri, zolakwa zathu zomwe, tinamanga tisanafunse. Tikufuna kugumula kuti pakhale potsetsereka ndi chogwirira. Loweruka lino kuyambira 6 koloko m'mawa tikututa mchenga kudambo, amene muli ndi wilibala kapena ndowa bwerani nazo. Lipoti la ndalama lidzawerengedwa tikamaliza, pansi pa mango paja, ndipo buku lidzakhala poyera kuti aliyense aone. A magolosale, makatoni musawotche, makamaka olimba aja a sopo ndi mafuta ophikira. Tikufuna okwana mipando iwiri.