Sewero silichokera ku ofesi

Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu akumudzi kudzera m'zisudzo, ndipo pano ndikuchitanso digiri yachiwiri pa nkhani yomweyi. Sabata yathayi ndinali ku East Bank, kuvuma kwa mtsinje wa Shire m'boma la Chikwawa, kulowera pa Thabwa, m'mudzi wina womwe unakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu 2023.

Lolemba ndi Lachiwiri sitinasewere kalikonse. Tinangoyenda m'madimba, kukhala pamjigo ndi amayi, kumvetsera. Ndi njira yomwe a Chris Kamlongera, mphunzitsi wa zisudzo, ndi anzawo a ku Chancellor College ankatsata m'zaka za m'ma 1980, yoti nkhani ya sewero ichokere pakamwa pa eni mudzi. Ndimaikhulupirira kwambiri, chifukwa masewero obwera ndi uthenga wophikaphika woti "samukirani kumtunda" anthu kuno awaonera kuyambira madzi osefukira a 2015, ndipo amangoomba m'manja n'kubwerera kudimba.

Lachitatu achinyamata anapanga okha sewero la banja lomwe lili pamsasa, bambo akufuna kubwerera kumunsi, mayi akukana. Lachinayi dzuwa litapendeka, popeza masana kuno sikukhalika, tinaliseweretsa pansi pa mlambe. Mkangano utafika pachimake tinaimitsa, monga ankachitira Augusto Boal, katswiri wa zisudzo wa ku Brazil, n'kupempha aliyense woona kuti angathe alowe m'bwalo.

Analowa agogo ena, n'kutenga malo a bamboyo. Anatembenukira mnyamata wosewera ngati wa boma nati, "Mwanawe, malo ogona mwatipatsa, zikomo. Nanga chimanga cha m'chilimwe ndikadzala pamiyala?" Bwalo lonse linawirikiza. Kenaka a mfumu, omwe pamisonkhano sanenapo zimenezi, anafunsa za manda a makolo, ndiponso ngati adzakhalebe mfumu pa nthaka ya mfumu inzawo. Apa m'pamene pagona nkhani ya kusamuka, ndipo fomu ya mafunso singaitulutse. Mdima usanagwe anthu anagwirizana zokapempha ku komiti ya mudzi: nyumba zikhale kumtunda, madimba asalandidwe, ndipo mjigo uyambe wakumbidwa anthu asanasamuke.

Lachisanu ndinakhala pa kompyuta ku Nchalo kulemba zonsezi m'Chingerezi, monga sukulu ifunira. Zimandipweteka kuti amene apange chiganizo pa digiriyi sanamve mawu a agogo aja. Choncho ndapempha aphunzitsi anga kuti mutu womwe ndikulemba pa za mudziwu ndikayambe ndawawerengera eni ake m'Chichewa, akonze pomwe ndawanamizira, ndisanaupereke.