Zikomo a kwaya, malo anga ndawapeza

Lamulungu lapitali ndinaimanso pa mzere wa besi patatha miyezi 7. Ndikulemba pano chifukwa m'tchalitchi muja, a mlembi atandipatsa mpata pa nthawi ya zolengeza, ndinangoti "zikomo" kawiri, mawu n'kugwira pakhosi, ine n'kukhala pansi. Mayi a kunyumba akundiseka mpaka lero kuti munthu waphokoso ngati ine n'kuthedwa mawu pa maikolofoni.

Ena mumangomva za m'maluwa, choncho ndinene ndekha: ndinadwala TB, chifuwa chachikulu. Chinayamba mu Juni, nthawi ya chiperoni, ndipo ndinkati ndi fumbi la matabwa, poti ntchito yanga ndi ya ukalipentala ku Ndirande kuno. Ndinamwa mandimu ndi jinja, ndinagula timankhwala ta m'golosale, osasintha. Usiku thukuta kunyowetsa zofunda, lamba ndikumuboola mabowo atsopano. Amene anandiuza zoona ndi akwayamasitala athu. Tsiku lina pa pulakatisi ndinalephera kumaliza mzere umodzi osapuma. Anaimitsa nyimbo, n'kunditengera panja kuseri kwa vesitile. Anati, "Achimwene, besi yanu ndimaidziwa, iyi si yanu. Mawa mukayezetse makhololo." Ndinapsa mtima, sindikubisa. Koma ndinapita. Bambo, mukanandinyengerera tsiku lija, kaya bwenzi a kwaya mutandiimbira kumanda.

Atandipeza nacho, sikelo inaonetsa makilo 51, munthu amene ndinkalemera 64. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, koma ndi a miyezi 6 yathunthu, tsiku ndi tsiku, m'mawa usanadye kanthu. Miyezi iwiri yoyamba mumakhala mitundu inayi ya mankhwala m'piritsi limodzi, miyezi inayi yotsalayo mitundu iwiri. Anamwino anandichenjezeratu kuti mkodzo usintha n'kukhala wofiirira, ndisaope. Akanapanda kunena, ndikanathamangira kwa abusa kuti andipempherere komaliza. Anayezanso onse a m'nyumba mwanga, ndipo wamng'ono wathu wa zaka 3 anamupatsa mankhwala oteteza. Kwa anamwino a kukachipinda ka TB, ndi alangizi a zaumoyo amene ankabwera kunyumba kudzaona khadi langa, zikomo kwambiri. Simunandiyang'anepo ndi diso lonyansidwa.

Chondiwawa kuposa chifuwacho chinali kukhala kunyumba Lamulungu. Kachilombo ka TB kamayenda mumpweya, ndiye munthu woimba besi m'kachipinda kotseka mawindo ndi woopsa kuposa wongokhala chete. Ndinamvetsa, ndinadzipatula. Ngakhale atandiuza kuchipatala kuti tsopano sindingapatsirenso anthu, mpweya woimbira ndinalibe. Belu la kutchalitchi limamveka bwinobwino kwathu, ndipo likalira ndinkatembenukira kukhoma.

Kwathu kuno munthu akaonda, anthu amakhala atamaliza kale kumuyeza ndi maso. Ena anasiya kudzapempha moto, ana a oyandikana nafe anawaletsa kudzasewera pabwalo pathu. Sindikuwada, ndi mantha. Koma Lamulungu lina mu Ogasiti, cha m'ma 3 koloko, ndinamva phokoso panjira. Kwaya yonse, itatuluka pa pulakatisi, inatsetsereka kanjira kathu kamiyala kaja, amayi atanyamula nsapato zawo zazitali m'manja. Anandikhazika pakhonde, iwo n'kuima pabwalo, n'kuimba nyimbo zinayi. Pa mzere wa besi anasiya mpata wa munthu mmodzi. Palibe ananenapo kanthu za mpatawo, koma ndinauona. Oyandikana nafe anatuluka kudzaonerera, ndipo mawa lake ana anabwereranso pabwalo. Zimene ndikanalephera kufotokozera mudzi wonse, inu munazimaliza ndi nyimbo zinayi.

Amayi a Mvano, mankhwalawa amabweretsa njala ya chimbalangondo, ndipo inu munaidziwa. Ufa, nsinjiro zothira m'phala, mazira, nthawi zina kankhuku. Mayi wina wachikulire, amene iye mwini amayenda ndi ndodo, ankatumiza mdzukulu wake ndi botolo la thobwa Loweruka lililonse. A mlaga wathu munandilipirira lendi miyezi iwiri, ndinadziwa mochedwa kuchokera kwa alandilodi. Mnyamata wina wa tena, amene ndinamuphunzitsa kugwira pulena zaka zapitazo, anamaliza zitseko zitatu zimene ndinali nditalandira kale ndalama zake, osapempha ngakhale ya sopo.

Ndiulule chinthu chimodzi, mwina chithandiza wina. Mwezi wachitatu ndinayamba kupeza bwino, thupi kubwerera, ndipo ndinati mapiritsi akwana. Mayi a kunyumba, amene anali gadiyani wanga ndipo ankachonga khadi m'mawa uliwonse, sanakangane nane. Anangoimbira foni a mkulu wa mpingo a kudera kwathu. Atafika anandikumbutsa zimene anamwino ananena, kuti ukasiyira panjira kachilombo kamabwerera katakhwima, mankhwala omwewo osagwiranso, n'kuyamba ena ovuta komanso otenga nthawi yaitali. Kenako anati, "Inu nyimbo mumaisiyira pa vesi yachiwiri?" Ndinamwa pamaso pawo. Mayi, munandipirira m'masiku amene ndinali wovuta ngati mwana. Ndilibe choti ndikupatseni chofanana nazo.

Nyimbo za Khirisimasi zinandipita, ndinazimvera pabenchi lakumbuyo. Mu Januwale anayeza makhololo omaliza n'kupeza kuti mulibe kanthu, sikelo inati 61.

Ndiye Lamulungu lija. Yunifolomu inali ikadali yotayirira m'mapewa, mayi anachita kuipinda ndi mapini. Titayamba nyimbo yolowera sindinaimbe, ndinkangotsegula pakamwa, ndikumva besi ya anzanga ikunjenjemera m'nthiti mwanga. Pa nyimbo ya chopereka ndi pamene mawu anatuluka, aang'ono, okanda, koma anga. Ulaliki ndinamvako pang'ono, abusa mundikhululukire, maganizo anali pa kupuma.

Mapemphero a Chichewa atatha tinatsalira pa pulakatisi monga mwa nthawi zonse, m'mimba mukulira, ana akuthamangitsana panja. Akwayamasitala analemba manotsi a nyimbo ya Pasaka pabolodi, do re mi wawo uja, n'kuyamba ndi sopulano, aluto, tena, ife pomaliza. Ndinkayembekeza kuti andisamala ngati dzira. Titangoimba mzere wachiwiri anamenya tebulo. "Besi, pali wina akupumira pakati pa liwu. Achimwene, matenda anatha, noti imeneyo muigwire mpaka ndigwetse dzanja. Tibwereze!" Anthu anaseka, ine ndinaseka mpaka misozi. Miyezi yonseyi aliyense ankandilankhula motsitsa mawu, ndipo kukalipiridwa kumeneko ndi kumene kunanditsimikizira kuti ndachiradi. Tinabwereza kasanu, kachisanuko ndinaigwira.

Potuluka, asungichuma a kwaya anandiitana ndi kope lawo m'manja. Ndinati basi, ngongole ya zosonkha za miyezi 7 yandipeza. Anatsegula tsamba la dzina langa, mwezi uliwonse unali wochongedwa. Ndinafunsa kuti analipira ndani. Anatseka kopelo n'kunena kuti pulakatisi ya Lachitatu ikuyamba 5 koloko, ndipo wochedwa alipira faindi, kaya anadwala TB kaya sanadwale.