Zikomo nonse amene mwatithandiza kudwazika amayi

Abale anga ndati ndingolemba pano chifukwa kuimbira aliyense payekha sindingakwanitse, mwachuluka. Amayi pano akugona usiku wonse, ndipo Lamulungu lapitali ayenda okha ndi ndodo mpaka kutchalitchi. Khansa ya khomo la chiberekero ija sinathe ayi, adokotala anatiuza mosabisa, koma ululu wa m'chiuno ndi mwendo wakumanzere uja, umene unkawaliza mpaka mbandakucha, watsika kwambiri.

Choyamba ndithokoze ma nesi ndi ma kiliniko a ku Tiyanjane, kiliniki yochepetsa ululu wa odwala matenda aakulu pa Queens. Anthu amenewa anakhala nafe pansi osathamanga, nkutifotokozera kuti vuto silili m'mwendo monga ambiri ankanenera kuti ndi nyamakazi, koma chotupacho chikupanikiza mitsempha m'chinena ndiye ululu umatsika kudzera m'thako, ntchafu mpaka kuphazi, nchifukwa chake amayi ankati mwendo ukuyaka moto kwinaku wachita dzanzi. Kutupa kwakenso nkomweko, madzi sakubwerera bwino kuchoka m'mwendo. Anawapatsa mofini wamadzi, kumwa pa maola 4 aliwonse osadikira kuti ululu uyambe kaye, nkuwonjezera amitriptyline wausiku chifukwa cha mitsemphayo, komanso mankhwala ofewetsa m'mimba poti mofini amadzimbitsa. Anatichenjezanso kuti mwendo ukatupa mwadzidzidzi nkumatentha tisathowe, tithamange nawo kuchipatala mwina magazi aundana.

Ndipo apa ndinene, zoti mofini ndi mankhwala omalizitsa munthu ndi bodza ndithu. Zinandiwawa kumva ena akunong'oneza amayi kuti asamwe. Lero akudya nsima, akucheza, akukalipira zidzukulu, zonsezi chifukwa ululu wawapatsa mpata.

Azakhali, inu mwagona pansi pa simenti mu wodi ngati gadiyani, kuchapa nsalu zamagazi osanyinyirika, kuwatembenuza usiku nkuwaika pilo pakati pa maondo kuti chiuno chipume, ine mawu okuthokozani nawo ndilibe. Achimwene ku Joni, ndalama ija munkatumiza pa Mukuru ndi imene yakhala ikulipira transipoti, tikudziwa kuti nanunso kumeneko sizikuyenda koma simunatitaye. Amayi a Mvano mwatitungira madzi, mwabweretsa ufa, nkhuni, mapapaya, nkudzawaimbira nyimbo pakhonde nthawi imene samatha kukhala pa benchi. Aneba amene munatibwereka wilitcheya ya malemu agogo anu, Mulungu akudalitseni, tibweza sabata ino poti pano sakuifunanso.

Pali mnyamata wina wa kabaza, dzina sinditchula, ankati akawanyamula amayi amayendetsa pang'onopang'ono kuzemba mabampu onse, pena kutsika nkumakankha njinga, ndalama yowonjezera osafuna kulandira. Iwe mwana, ambuye akukumbukire.

Gulu lathu la pa WhatsApp la anzanga akusekondale, munasonkha mwakachetechete osandichititsa manyazi, ndinaona ndipo sindidzaiwala.

Amayi eni ake andituma kuti ndiuze azimayi anzawo mukayezetse khansa ya khomo la chiberekero, kuyeza kwa VIA kuja kwa viniga sikuchedwa ndipo m'zipatala za boma ndi ulere, komanso katemera wa HPV (kachilombo koyambitsa khansayi) wa atsikana a zaka 9 anayamba mu 2019, musawabise ana. Ine ndi achemwali tapita kale.

Amene mukufuna kudzawaona bwerani masana, m'mawa amakhala akadali ndi tulo. Chonde mankhwala a zitsamba musabweretse, akumwa akuchipatala okha.