Lachiwiri: tsiku lathera pa Chongoni

Magetsi anayaka masana, ndiye ndinatchaja foni n'kugula bandulo ya tsiku limodzi. Posakhalitsa mwana wa achemwali anga, yemwe ali Fomu 2, anatulukira ndi funso la kusukulu: zojambula za pamiyala ku Chongoni anajambula ndani? M'kope mwake munali mizere iwiri basi.

"Amalume, tifunse pa Facebook," anatero. Ndinati ayi, tiyambe tsamba lomwe salipiritsa la UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe. Pamenepo tinawerenga kuti ku Chongoni, m'mapiri a ku Dedza, kuli malo 127 a zojambulazi, ndipo analowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija n'za Abatwa, omwe agogo ankawatcha Akafula. Zoyera n'za Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Mtsikanayo anakuza chithunzi ndi zala ziwiri, n'kukhala chete akuyang'anitsitsa kanyama koyera kotambasula miyendo. Kenako anafunsa ngati anajambula ndi amayi. Ndinamuuza kuti za chinamwalizo inde, ndipo anakopera m'kope mofulumira. Gule Wamkulu, Vimbuza ndi Tchopa zilinso pa masamba a bungwe lomweli.

Iye atapita ndinalowa pa Internet Archive, nkhokwe ya mabuku akale yomwe inayamba mu 1996. Ndinatsegula dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott, m'busa wa mishoni ya Blantyre, yosindikizidwa mu 1892. Masamba ake ndi achikasu, ojambulidwa mmene alili. Buku loti kale ukanalipeza mulaibulale yaikulu yokha, lero ndaliwerenga nditakhala pakhonde, ndipo ndalisunga m'foni kuti ndisamawonongenso bandulo. Kwa ana aang'ono, tsamba la African Storybook lili ndi nthano za m'chinenero chathu, zazithunzi, zoti ungasindikize.

Chandiwawa n'chakuti zonse za Chongoni tinawerenga m'Chingerezi, ine n'kumamasulira. Wikipedia ya Chichewa ilipo, koma nkhani zake n'zochepa, zina ziganizo zitatu zokha. Aliyense amaloledwa kulembapo, ndiye tikudikira ndani? Aphunzitsi opuma ntchito alipo ambiri amene amadziwa mbiri ya maboma awo kuposa mlendo aliyense.

Madzulo ndinatsegula akaunti pa Wikipedia. Loweruka ndiyamba ndi nkhani ya Dedza.